A Mbewe ndi Nyumba Yoletsedwa Kugwa

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Tadeyo Mbewe, ndipo nyumba imene iwo ankafunitsitsa kuigwetsa ikadali chiimire. Ndi nyumba yozungulira, yadothi, yofolera ndi udzu. Ili kuseri kwa chinyumba chamiyala cha pa puloti pomwe timachita lendi, kuno ku Joni, mbali ya ku Honeydew mukangodutsa Zandspruit. M'nyumba imeneyo ndi momwe munamwalirira akazi awo, a Nabanda, amene asanatsirizike anapempha kuti akadzapita, nyumbayo idzagwetsedwe monga ankachitira makolo kwawo ku Dedza. A Mbewe anavomera. Chovuta chinali chakuti nyumbayo inali italembedwa kale ku khonsolo kuti ndi ya mbiri yakale, yosayenera kuigumula ngakhale pang'ono, ndipo amene anachita makani kuti ilembedwe anali a Mbewe omwewo.

Ine ndinawapeza atakalamba kale. Ndinabwera ku Joni kudzagwira ntchito za m'nyumba, ndipo mnzanga wa kumpingo ndi amene anandilondolera pa pulotipo kuti pali chipinda. Chipindacho chili m'khola lakale lokamiramo ng'ombe, limene analidula zipindazipinda. Timakhalamo mabanja angapo, ambiri a ku Malawi, ena obadwira ku Zimbabwe koma makolo awo ali akwathu komweko. Kale dera lonseli linali mafamu. Lero mbali zonse kwazungulira makompuleksi, timidzi ta nyumba zamakono ta mipanda yamagetsi, pathu pokha ndi pomwe patsala mitengo ya mapichesi, chitsime ndi fumbi.

Tinadziwana poyambana. Tsiku lolowa m'chipindamo ndinakhoma msomali pakhoma kuti ndikolekepo chikwama. Ndisanamalize n'komwe, pakhomo panaima mdala wamtali, woonda, atavala ovolosi ndi chisoti cha kumgodi chosuluka, pulayazi ili m'manja. Moni sanapereke. Anazula msomaliwo, anatseka kabowoko ndi dothi, kenako anandimangira kawaya pa phaso n'kunena kuti chikwama chizikhala pamenepo. Atamaliza m'pamene anafunsa kuti kwathu n'kuti. Ndinati ndine Nachisale wa ku Ntcheu. Anati a ku Ntcheu amawadziwa, ndi anthu okhoma misomali paliponse. Ndinatha sabata yathunthu osawalankhula, iwo osazindikira n'komwe kuti ndanyanyala.

Ntchito yawo panthawiyo inalibe dzina. Ng'ombe zinali zitagulitsidwa kalekale, bwana amene anawalemba ntchito yokama anali atamwalira, ndipo m'chinyumba chamiyala munatsala adona okha, gogo wachibunu woyenda ndi ndodo. A Mbewe ankangosamalira zonse. M'mawa uliwonse ankazungulira nyumba zapapulotipo akugogoda makoma ndi nkhonya, khutu atagunditsa, kumvetsera ngati chiswe chalowa. Ankati nyumba imayamba kudwala kumapazi anthu akuyang'ana kudenga. N'chifukwa chake mlandu waukulu pathu sunali kuledzera kapena phokoso la wailesi, koma kutaya madzi ochapira m'tsinde mwa khoma. Amayi tonse tinalawako pakamwa pawo pa nkhani imeneyi. Akapsa mtima Chichewa chinkawathawa, n'kuyamba Chifanakalo cha kumgodi chimene panalibe wochimva kupatula agalu a adona, ndipo agaluwo ankathawadi.

Mawu amene ankadana nawo kwambiri anali akuti mtchona. Anabwera ali mnyamata pa kontilakiti ya kumgodi, chifuwa chitayamba kuwavuta anatuluka n'kuyamba kuyenda m'mafamu mpaka kufika pano, ndipo sanachokenso. Koma ukawatchula mtchona ankati mtchona ndi munthu woiwala kwawo, pomwe iwo sanaiwale kalikonse. Pamenepo ankanena zoona, mwina mopitirira. Ankasunga Dedza ya m'masiku amene anaisiya, yomwe a ku Dedza enieniwo anaiiwala. Mwana akawapatsira chinthu ndi dzanja limodzi ankamubweza kuti akayambirenso. Nyengo yozizira ikafika ankatenga chikwakwa ndi wilibala kukamweta udzu wofolera m'mapuloti osamangidwa, kupikisana ndi moto wolusa. Chaka ndi chaka ulendo unkatalika, chifukwa pomwe anamweta chaka chatha ankapezapo maziko a kompuleksi ina.

A Nabanda anali osiyana nawo pa chilichonse: aafupi, onenepa, okonda kuseka ndi fodya wamphuno. Anakwatirana kumudzi a Mbewe asananyamuke ulendo wa kumgodi, ndipo mayiwo anadikira mpaka imvi zitayamba. Boma la azungu litatha kuno, a Mbewe anapita kukawatenga. A Nabanda sanalole kuti nkhaniyo iiwalike. Mkangano uliwonse, ngakhale woyambira pa mchere, unkathera pa zaka zimenezo. Ana amoyo analibe. Mayiwo ankaphika magwinya, mandasi a kuno, n'kukagulitsa pomwe pamaima mateksi ku Zandspruit, ndipo Loweruka lililonse ankazira pansi m'nyumba yozungulirayo ndi dothi lakuda la kumtsinje mpaka pankanyezimira. M'menemo simunkalowa nsapato, ngakhale ya abusa.

Matenda awo anayamba ndi shuga, kenako impso. Amayi apapuloti tinkasinthana kuwadwazika. Tsiku lina masana ndikuwatikita miyendo, a Mbewe atakhala pampando pakhomo, a Nabanda anawaitana n'kulankhula ine ndili pomwepo.

"Abambo, ine ndinakudikirani kokwanira. Ndikapita musandisunge muno. Mudzasasule denga, makoma mugwetse, ndizipita kwathu."

A Mbewe anangoti, "Ndamva."

Kwa amene sadziwa mwambowu: kale munthu akamwalira, anthu akameta maliro, nyumba yake inkagwetsedwa. Ankati ikasiyidwa, malemuyo amangobwererabwerera pakhomo pake osapita kumene ayenera kupita, ndipo otsala nawonso mitima siikhala pansi. Kwathu ku Ntcheu ndinazionako ndili mwana, koma zinatha nyumba za njerwa zowotcha ndi malata zitabwera. Ndani angagwetse malata? Ine pandekha sindinkazikhulupirira, ndipo ndinayesa kuti ndi zolankhula za munthu wodwala.

Thupi linapita ku Dedza pa ngolo yokoka ndi galimoto, mothandizidwa ndi bungwe lathu la maliro, ndipo a Mbewe anaperekeza. Kumeneko anafunsa alamu awo za nyumba. Alamuwo anawayankha kuti zimenezo zinatha kale, angosesamo n'kupitiriza kugona. A Mbewe anabwerako ali ndi mpala komanso atakhumudwa ndi Dedza yense. Kutacha anatulutsa katundu wa a Nabanda, mapoto, mphasa ndi zitenje, n'kutigawira amayi. Kenako anaimika makwerero, anakwera padenga, n'kuyamba kuzula udzu pansonga penipeni.

Amene anathamanga kukagwira makwerero anali a Jonasi, mlonda wa m'kompuleksi ina, mmodzi wa obadwira ku Zimbabwe aja, munthu wodziwako za malamulo a kuno. Anali atangoweruka, yunifolomu ikadali m'thupi.

"Madala, tsikani. Mwaiwala chikwangwani chili pageti?"

A Mbewe anayankha m'Chifanakalo, ndipo n'kwabwino kuti sitinamve. Koma atayang'ana pansi n'kuona tonse taima ndi ana athu, anasiya. Anatsika pang'onopang'ono, anasasa manja, n'kunena okha kuti walira mvula walira matope.

Chikwangwanicho chinabwera motere. Adona anali ndi mwana mmodzi wamwamuna wokhala ku Cape Town, amene ankafuna kugulitsa malowo kwa omanga makompuleksi. Ankabwera ndi azibambo a nsapato zonyezimira, kumayenda m'malire akuloza uku ndi uku. Adona ankakana, koma ankadziwa kuti kukana kwawo kudzatha tsiku limene adzatseke maso. Mnzawo wina, mphunzitsi wopuma pantchito wokonda zinthu zakale, ndi amene anawauza kuti khonsolo ikhoza kulemba nyumba zakale za m'mafamu kuti zitetezedwe, ndipo zikalembedwa palibe angazigumule popanda chilolezo, ngakhale mwini wake. Adona anapempha. A Mbewe anaitenga nkhaniyo ngati ntchito ya mpingo. Anapaka njereza paliponse, anatikakamiza kuchotsa zingwe zoyanikira zovala, ndipo tsiku lobwera a khonsolo anavala jekete ndi tayi, chisoti cha kumgodi chili kumutu.

Kunabwera mtsikana wachizulu ndi anzake awiri, atanyamula kamera ndi tepi yoyezera. Anayeza chinyumba chamiyala, anajambula khola lathu, ndipo nyumba yozungulira anaidutsa poyesa kuti ndi mosungira makasu. A Mbewe anawaimira kutsogolo panjira. M'Chingerezi chosakaniza ndi zilankhulo zina zonse zimene ankadziwa, anawauza kuti iwo anaipeza ili kale yakale, ndipo anthu amene anaswa miyala ya chinyumba chachikulucho ankagona m'menemo. Anali atakonzekera nkhondo, koma mtsikanayo sanatsutse n'komwe. Anasangalala, anavula nsapato a Nabanda atamulamula, anagwada n'kujambula pansi pozira paja. Nyumbayo inalowa m'gulu la zofuna kutetezedwa tsiku lomwelo.

Chimene a Mbewe ankafuna sichinali ulemu wa mbiri. Ankaopa kudzathamangitsidwa atakalamba n'kukathera m'mkhukhu, kachisakasa kamalata, ku Zandspruit, ndipo ankaganiza kuti nyumba ikalembedwa ndiye kuti wogonamonso walembedwa. A Nabanda sanakondwe nazo. Anatiuza amayi pachitsime kuti amuna awo akalembetsa nyumba ngati mwana wa sukulu, osafunsa amene amaizira.

Zinatenga nthawi. Pageti anamatapo chidziwitso choti wotsutsa atsutse, ndipo mwana wa adona anatsutsadi kudzera mwa loya. Kunali msonkhano ku holo, komwe a Mbewe anatitenga tonse ngati kwaya, ngakhale palibe anatifunsa kanthu. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso. Kenako tsiku lina kunabwera anthu kudzakhoma chikwangwani chachitsulo pa chipilala cha geti. A nsapato zonyezimira aja sanaonekenso, chifukwa malo oti sungagumulepo kanthu analibe nawo ntchito. Adona anamwalira mtima uli m'malo, mwana wawo anangotsala ndi kutolera lendi, ndipo ife tinapuma. Loweruka lililonse, a Nabanda akuzira, a Mbewe ankatsuka chikwangwanicho ndi phulusa ndi ndimu. Ankaimitsa ngakhale anthu ongodutsa kuti awerenge.

Ndiye atatsika padenga tsiku lija, anayesa njira zoongoka kaye. Anakwera teksi kupita ku ofesi ya khonsolo kukapempha chilolezo. Anabwerako madzulo ali wotopa. Anati anawalandira bwino, anawapatsa mpando ndi madzi, mtsikana uja anawakumbukira ndipo anapepesa maliro. Koma chilolezo chogumula amapempha ndi mwini malo, ndipo chifukwa chonga chawocho m'malamulo mulibe. Mtsikanayo anafunsa ngati sizingatheke kungochotsa chitseko kwa masiku angapo, kapena kuchita mapemphero. A Mbewe anati kumeneko n'kumeta mbali imodzi ya mutu.

Mkulu wa mpingo wathu nayenso anabwera kudzawalangiza kuti Mkhristu sayenera kuvutika ndi zoterezi, a Nabanda ali m'manja mwa Ambuye. A Mbewe anavomereza kuti ali m'manja mwa Ambuye, sanakayikepo. Koma anati iwo sanalonjeze mzimu, analonjeza mkazi wawo ali moyo, akuwayang'ana m'maso, ndipo anali atamunamizapo kale kamodzi pomuuza kuti ku Joni akangokhala zaka ziwiri. Mkulu wa mpingoyo anamwa tiyi wake n'kutsanzika.

M'nyumba yozunguliramo sanagonemonso. Anatolera malata akale ndi mitengo n'kumanga kamkhukhu pambali pa dimba lawo la mpiru, kakang'ono koti bedi ndi mpando basi. Tinkayesa kuti n'chisoni chabe, ndipo ena tinkawaseka kumbali kuti munthu amene ankaopa mkhukhu wa ku Zandspruit wadzimangira wake yekha. Nthawi yozizira malata amenewo ankachita chisanu m'kati.

Kenako tinaona kuti ali ndi nzeru ina. Bowo limene anaboola pansonga pa denga sanalitseke. Pozungulira m'mawa ankagogoda makoma onse, koma nyumba imeneyo ankailambalala. A Jonasi atawafunsa, anayankha kuti lamulo limaletsa manja, sililetsa mvula. Ndipo mvula ya ku Joni mukuidziwa, imabwera masana ndi matalala ndi ziphaliwali ngati yatumidwa. Udzu unayamba kuwola, mapaso anada, khoma la mbali imodzi linafufuma n'kuyamba kugamphuka. Chiswe chinalowa, ulendo uno popanda wochithamangitsa. A Mbewe ankakhala pakhomo pa kamkhukhu kawo akuyang'ana, ngati munthu wodikira basi. Kunena zoona masiku amenewo ankaoneka opepukidwa, mpaka anayambanso kuseka ndi ana.

Mwana wa adona atabwera kudzaona malo ake, anaima nthawi yaitali pa khoma logamphukalo. Munthu ameneyu moni ankachita kuumira, koma tsiku limenelo anakakhala pa chitini pakhomo pa a Mbewe n'kumvetsera nkhani yonse. Ulendo wotsatira anawabweretsera jasi lotentha. Anawauza kuti iye amalemekeza chikhalidwe cha anthu, asadzivutitse kukonza, ndipo ngati mvula ikuchedwa akhoza kutumiza anyamata kudzathandiza kukankha pa tsiku la holide. A Mbewe anatiuza monyadira kuti m'Joni monse mwapezeka munthu mmodzi wowamvetsa.

A Jonasi ndi amene anatitsegula maso. Anati nyumba imodzi mwa zolembedwazo ikagwa, mwini malo adzapita ku khonsolo kukanena kuti malowo ataya chimene anawatetezera, achotsedwe m'gulu, ndipo akachotsedwa katapila wogumula nyumba sadzasankha. Ngati lamulo likanayendadi choncho ine sindidziwa. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti a nsapato zonyezimira anayambanso kuoneka kumpanda. Mayi wa ku khonsolo, mtsikana wachizulu uja, amene tsopano anali ndi galimoto yake, atabwera kudzayendera ananena zomwezo mosamala mawu. Anati iye akhoza kulamula mwini malo kuti akonze, koma mwini malo akhoza kuzengereza mpaka khoma litagwa, ndipo zikatero anthu amangokangana pa mulu wa dothi. Anati anazionapo kwina.

Tinakumana Lamulungu pansi pa mitengo ya mapichesi, titachoka kutchalitchi. Amuna analankhula mozungulira, monga amachitira, kuyamba ndi kuyamikira ntchito za a Mbewe. Ine ndinalephera kupirira. Ndinati a Nabanda ndinawasambitsa ndi manja angawa ndipo ndinkawakonda, koma iwo ali ndi malo awo ku Dedza, pomwe ife amoyo tikachoka pano tilibe kolowera. Ndinati ana athu amaphunzira sukulu yapafupi, ndipo chipinda cholola ana m'dera lino sichipezeka. Ndinanena, ndipo lero ndikhoza kunenanso, ngakhale zinandipweteka kuona nkhope yawo. A Mbewe anayang'ana ana amene ankasewera mpira wachikulunga pafupi ndi chitsime, anadzuka, n'kukalowa m'kamkhukhu kawo. Anatha masiku ambiri osapereka moni kwa aliyense, ndipo jasi lija tinaliona litayalidwa pogona agalu.

Mvula itatha, udzu utauma, tinawaona akunola chikwakwa. Udzu wabwino unali utathawira kutali, koti wilibala sikanafika, ndiye a Jonasi anabwereka kagalimoto kwa mnzawo. Amuna anathandiza kumweta ndi kumanga mitolo. Koma khoma anakana kuthandizidwa. Anagumula pofufuma pokha, anakumba dothi, analiponda ndi mapazi awo okha, n'kumata pang'onopang'ono, kudikira kuti paume asanaonjezere pena. Anasintha mapaso owola. Ankagwira ntchito akutsokomola, ndipo ife tinkadutsa chapatali ndi ndowa zathu, manyazi atatigwira.

M'mawa wa tsiku lofolera ndinali pachingwe ndikuyanika zovala, pafupi moti ndinamva. Anafika pakhomo pa nyumbayo, anavula chisoti, n'kuima osalowa.

"A Nabanda, pepani. Ndinati ndamva, ndipo ndinamvadi. Koma kuseriku kuli ana. Ndidikireninso pang'ono."

Anavalanso chisoti n'kukwera.

Tinkayembekezera kuti angotseka bowo kuti a khonsolo akhutire. Koma a Mbewe ntchito yachinyengo sankaidziwa, ngakhale akanafuna. Anasasula udzu wonse wakale, chinthu chimene ankalakalaka kuchita nthawi yonseyi, ndipo nyumbayo inakhala tsiku limodzi mapaso ali poyera, dzuwa likulowa mpaka pansi. Tsiku limenelo anakhala pamakwerero nthawi yaitali akuyang'ana m'kati. Mawa lake anayamba kufolera kuchokera m'munsi, mtolo ndi mtolo, akumanga ndi chingwe, akumenya ndi thabwa kuti udzu ufanane. Amuna akamawaponyera mtolo wosasankha bwino ankaubweza pansi. Atamaliza anapaka njereza kunja konse. Mayi wa ku khonsolo atabwera anajambula mbali zonse n'kuwagwira chanza ndi manja awiri, iwo anangogwedeza mutu. Mwana wa adona sanakhalenso pa chitini chija, ndipo kumpanda kunasiya kuoneka alendo.

Kuchokera pamenepo anakalamba mofulumira. Tinkawapatsa ulemu woposa kale, mbale za chakudya zinkachita kugundana pakhomo pawo, koma sizinawabwezere kanthu. Chikwangwani cha pageti chinachita dzimbiri. Tsiku lina ndinaona mtsikana wobwera kumene akukhuthula beseni lonse m'tsinde mwa khoma, a Mbewe ali pomwepo, ndipo sananene kalikonse. M'pamene ndinachita mantha. Ndinamukalipira mtsikanayo ndekha, mwina kuposa mmene zinkafunikira.

Chifuwa cha kumgodi chija n'chimene chinawatenga, m'nyengo yozizira. Kuchipatala anagonako n'kutulutsidwa, atauzidwa kuti akapumule kunyumba. Poona chisanu cha m'malata, tinagwirizana zowasamutsira m'nyumba yozungulira, yomwe ndi yofunda ndipo inali yopanda munthu. Tinapita ine ndi a Jonasi kukawauza. Anagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse awiri.

"Ayikona, toto. Ine ndifera muno. Kanyumba aka sikanalembedwe paliponse. Akano mukhoza."

Tinayang'anana ndi a Jonasi. Zaka zonsezo tinkawaseka za kamkhukhu, osadziwa kuti munthuyo anadzimangira nyumba yoti idzatheke kugwetsedwa.

Anamwalira m'mawa wa Lachitatu lina, dzuwa litatuluka. Thupi linapita ku Dedza pa ngolo yomwe ija, ndipo anaikidwa pafupi ndi akazi awo. Titamva pa foni kuti kumudzi ameta, tinasonkhana pa dimba. Panalibe amene anafunsa ngati n'zachikhristu. Mkulu wa mpingo yemwe uja ndi amene anayamba kuzula misomali ya kamkhukhuko. Sizinatenge nthawi, tiyi asanazizire n'komwe tinali titamaliza. Mitengo tinaotcha, malata tinapatsa anyamata otola zitsulo, chifukwa panalibe amene anafuna kufolera nawo.

Pomwe panali kamkhukhuko lero pali bwalo laling'ono lolimba, ndipo m'mbali mwake mwamera chisoso. Ana amadutsapo popita kuchitsime, ena obwera kumene sadziwa n'komwe kuti panagonapo munthu. Ukaima pamenepo n'kuyang'ana kutsogolo, nyumba ya a Nabanda ili apo, yoyera, chitseko chotseka. M'khola mwathu tadzazana, ena akugona asanu m'chipinda chimodzi, koma palibe anapemphapo kuti alowe m'menemo. Nthawi zina kumabwera ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, amasuzumira pa kazenera, amaona pansi posazira patang'ambika ming'alu, n'kubwerera ku basi yawo. Mvula ya chaka chino inali yamphamvu, inagwetsa mpanda wa kompuleksi yoyandikana nafe ndipo m'zipinda mwathu tinatchera mabeseni. Itakata ndinapita kukasuzumira nanenso. M'kati munali gwa, mouma. Udzuwo anafolera bwino, ndipo odziwa akuti sudontha kwa zaka zambiri.